Tsiku limene Che Kamba anapita kwa apongozi anga

Ndiyambe ndatchula mboni zanga, chifukwa nkhani iyi ndikamaikamba pa ntchito anthu amati ndikukokomeza. Mboni yoyamba ndi Che Jafali wa kabaza ya njinga yamoto, amene amaima tsidya la mlatho ku Mangochi boma. Mukamufuna funsani uja galasi lake lakumanzere analimanga ndi waya. Yachiwiri ndi Che Amidu, malume ake a mkazi wanga, munthu amene chibadwire sananamepo kupatula pogulitsa mbuzi. Yachitatu ndi apongozi anga aakazi enieniwo, ngakhale sindikukulangizani kuti mukawafunse. Panalinso bakha wamphongo amene anaona zonse kuyambira pachiyambi, koma ameneyo anadyedwa pa sadaka mawa lake, ndiye umboni wake tiuiwale.

Ine ndimagwira ntchito yosamalira kapinga pa hotela ina ku Makokola. Kwathu ndi kwa Mponda, koma ndinakwatira ku Lungwena, tsidya lina la nyanja, ndipo kumeneko ndine mkamwini ngati wina aliyense. Mkazi wanga Mariamu ndi mwana wathu Sumaya amakhala konko ndi apongozi, ine kuno. Kukacha bwino mapiri a kwawo amaoneka pafupi, moti umaganiza kuti ukakuwa akuyankha. (Ndinayesapo. Anayankha ndi mlonda wa hotela yoyandikana nafe.) Koma kuti ukafike uyenera kutsika pa minibasi mpaka ku boma, kuwoloka mlatho, nkukweranso chakumpoto pa kabaza. Ukamafika, tsiku lako lopuma limakhala lapita theka, ndipo mwana amayamba wabisala kaye kumbuyo kwa chitenje cha mayi ake asanakukumbukire.

Bwana atandipatsa nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa hotela, ndinaipaka laimu ndekha. Ndinagula katani ya maluwa, makapu atatu, kamodzi kakang'ono kapulasitiki. Chinatsala nchimodzi: kupempha chitengwa, kuti andilole kutenga banja langa tidzakhale kuno. Ndinatuma ankhoswe. Yankho linabwera kuchokera kwa Che Amidu lakuti pali sadaka ya malemu apongozi aamuna, bwalo lamera udzu, mkamwini abwere adzatchetche anthu asanasonkhane, ndipo zinazo tidzakamba bwalo likayera. Aliyense amene anakhalapo pa chikamwini akudziwa kuti amenewo ndi mayeso.

Tsono ndikuuzeni za Che Kamba.

Hotela inagula loboti yotchetcha kapinga (osati maloboti aja oimitsa magalimoto ku Blantyre). Ndi kanthu kafulati, kukula ngati beseni lochapiramo, kamateyala anayi, ndipo kamayenda kokha pang'onopang'ono mutu uli pansi. Anzanga anangokaona nkukatcha Che Kamba. Anakagula chifukwa sikachita phokoso, alendo amagona mpaka dzuwa kutentha. Kunabwera mayi wina wochokera ku Blantyre kudzandiphunzitsa. Anakatembenuza chagada nkundionetsa timipeni tozungulira kunsi kwake.

"Bambo, ichi sichiganiza, chimangomvera," anatero. "Kutsogoloku chili ndi maso. Chikaona kanthu chimaima. Apa pali mphuno yofewa, chikagunda kanthu chimabwerera. Malire mumachijambulira pa foni, sichidumpha. Zonsezi zikakanika, dinani batani lofiira lili pamsanali. Koma musadzachisiye chokha pomwe pali anthu, mwamva? Maso ndi mphunozi ndiye umunthu wake wonse. Mukachotsa zimenezi chatsala ndi mipeni basi."

Ndinati ndamva. Ndinamvadi. Ndimakumbukira mawu onse mpaka lero, vuto ndi lakuti ndinawakumbukira mochedwa.

Munthu ukamakhala wekha umacheza ndi chilichonse. Ine ndi Che Kamba tinagwirizana. Iwo ankatchetcha, ine ndikuyenda pambali pawo ndikuwauza za Sumaya, kuti mano atuluka angati, kuti akuti "baba" kwa mwamuna aliyense wovala chipewa. Sanandidulepo mawu. Ndiye uthenga wa Che Amidu utafika, tsiku lopuma lili limodzi, bwalo la apongozi lili lalikulu ngati la mpira, bwana atapita ku Lilongwe, maganizo anabwera okha. Ndinadziona ndili khale pa mpando, mwendo pa unzake, udzu ukugwa wokha, mudzi wonse ukunena kuti Mariamu anakwatiwa ndi injiniya.

Che Kamba ndinawaika m'thumba la feteleza nkukwera minibasi yoyamba. Pa mlatho ndinapeza Che Jafali.

"Achimwene, m'thumbamo muli chiyani? Kampango?"

"Mlendo."

"Mlendo amalipira yekha."

Anatimangirira tonse atatu ndi mphira. Wallahi, msewu wa ku Lungwena uli ndi maenje ena akuti ukalowamo umatuluka ndevu zitamera. Titafika Che Jafali anakana kubwerera. Anati akufuna aone mlendoyo akudya.

Pano ndinene za apongozi anga. Chikwatirireni ndinali ndisanawalankhulepo. Tikakumana panjira ndimapatukira m'chinangwa, ndipo tsiku lina ndinapatukira m'chitedze osadandaula. Moni ndimapereka kudzera mwa Mariamu kapena mwana aliyense amene ali pafupi, iwo nkuyankha kudzera momwemo. Nkhope yawo ndinkaidziwa cham'mbali mokha, ngati ya munthu wa pa ndalama yachitsulo. Anthu a ku Lungwena ankandiyamikira pa chimenechi. Ankati mwana wa kwa Mponda uja ndi waulemu. Ulemu ndiwo unali chuma changa chonse pa mudzipo.

M'mawa umenewo apongozi anali atakhala pa mkeka pansi pa mtengo wa mango, mbali ya kunyanja kumene kunali mthunzi, akusankha mpunga wa sadaka m'lichero. Ine ndinatenga foni nkuyenda mozungulira bwalo kujambula malire. Ndinasamala kwambiri. Mzere ndinaudutsitsa mbali inayo ya mtengo, ya kumapiri, kumene kunali dzuwa ndipo kunalibe munthu. Apongozi anatsala kunja kwa malire, kutali ndi ngozi. Ndinadziyamikira.

Ana a mudzi wonse anali atafika. Ndinawaimika kuseri kwa mpanda nkuwaopseza kuti chinthuchi chimadziwa dzina la mwana aliyense. Ndinadina batani. Che Kamba anayenda pang'ono nkuima. Anakhota, anayenda pang'ono, anaimanso. Kapinga wa ku hotela ndi wamfupi ngati tsitsi la msilikali, koma udzu wa ku Lungwena ndi udzu weniweni, ndipo chitsa chilichonse cha udzu Che Kamba ankachiyesa mwana wa munthu. Ankaima mwaulemu kudikira kuti chidutse.

"Mlendo wanu ndi wamanyazi," anatero Che Jafali.

Ana anaseka. Mariamu anasuzumira kuchokera kukhitchini nkubwereramo msanga. Pa foni pali malo ozimitsira maso, amene mayi wa ku Blantyre uja anandionetsa nkunena kuti ndi a amakaniko okha. Ndinadziuza kuti munthu amene wanyamula makina kuwoloka nawo Shire ndi makaniko ndithu. Ndinazimitsa.

Zinayenda. Udzu unayamba kugwa, ana anasiya kuseka. Koma bwalo la kumudzi lili ndi zake: mbewu za mango zouma, timiyala, zitsa za chinangwa chakale. Mphuno ikangogunda kanthu, Che Kamba ankabwerera m'mbuyo nkupita kwina, moti bwalo linayamba kuoneka ngati mutu wometedwa ndi munthu wokwiya. Che Amidu anatuluka m'nyumba, anaima manja kumbuyo, anayang'ana bwalo, anandiyang'ana ine. Maso amenewo anandilowa m'mafupa. Ndinatola chidutswa cha patapata wakale nkuchipanikiza kuseri kwa mphuno kuti isamabonyeke. (Mukuona kuti sindinachite zonse nthawi imodzi. Uchitsiru wanga umabwera pang'onopang'ono, mwadongosolo.)

Apo ndiye Che Kamba anasanduka munthu wina. Anayenda mowongoka, osaima, osabwerera, kukwera timiyala, kuphwanya mbewu za mango. Mizere inatuluka yokongola ngati ya ku hotela. Azibambo ochokera ku mzikiti ku swala ya masana anaima pa mpanda kuonerera. Wina anafunsa ngati chimalimanso mizere ya chimanga. Ndinati chikaphunzira. Foni yanga inali itatopa ndi ntchito yonseyi, inazima, ndipo Mariamu anaipereka kuti akaitchaje ku golosale. Sindinade nkhawa. Malire analipo, ana anali kunja kwa mpanda.

Kenako Che Amidu anandiitana pakhonde. Panali tiyi ndi zitumbuwa, ndipo anandipatsa mpando, osati chitsa cha masiku onse. Ndinadziwa kuti nkhani ija yafika.

Che Amidu akayamba kulankhula amayambira kutali. Anayamba ndi chaka chimene nyanja inadzadza mpaka pa mzikiti. Anabwera pa ukwati wa mchemwali wawo, apongozi angawo, ndi mmene malemu anagwirira chikamwini osadandaula. Ine ndikungoti eya, eya, maso pansi monga mwa mwambo. Atafika pakuti, "Tsono ife taona kuti mwana wathu Mariamu," ndinakweza maso pang'ono chifukwa cha chimwemwe.

Ndipo ndinaona mtengo wa mango.

Dzuwa linali litapendeka. Mthunzi unali utachoka mbali ya kunyanja nkupita mbali ya kumapiri. Ndipo apongozi anga, monga amachitira munthu aliyense wanzeru m'dziko muno, anali atakoka mkeka wawo kutsatira mthunziwo. Anali khale m'kati mwa malire anga, miyendo itatambasulidwa, mpango utaphimba m'mbali mwa nkhope, maso ali m'lichero. Amayi ena onse anali atapita kumjigo. Mayi wa ku Blantyre uja sananene kuti malire amaima koma anthu amayenda ndi mthunzi, nanenso amene ndinakulira pansi pa mitengo sindinaziganize.

Kumapeto kwa bwalo Che Kamba anakhota bwinobwino nkuyamba mzere watsopano. Mzerewo unkathera pa mapazi a apongozi.

"Pepani malume," ndinatero, "mungawauzeko amayi kuti..."

"Dikirani, bambo a Sumaya. Mkulu akamalankhula sadulidwa. Amayiwo tiwauza tikamaliza, nkhaniyi ndi yawo yomwe."

Ndinadzuka. Chikwatirireni ndinali ndisanadzukepo Che Amidu ali pakati pa mawu. Ndinathamanga mpaka pamene mkamwini amayenera kuima, ndipo miyendo inaima yokha. Ndikulumbira, sindinaiuze. Inagwada. Manja anayamba kuwomba okha mwaulemu, phu phu phu. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna woti ndimutume. Ana ndinali nditawathamangitsa ndekha. Che Jafali anali kuseri kwa mpanda, pakamwa podzadza chitumbuwa, akuloza ndi chala.

"Mayi a Sumaya," ndinaitana chapansipansi, chifukwa sukuwa pamaso pa apongozi.

"Ndikubwera, ndagwira mphika," anayankha Mariamu kukhitchini.

Pafupi ndi mkeka panali bakha uja, akudikira mpunga wogwa. Ndinatembenukira kwa iye. Ndinati, "Wina awauze amayi kuti asunthe pang'ono, kukubwera chinthu." Bakha anandiyang'ana ndi diso limodzi. Apongozi anamva mawu a mkamwini pafupi, ndipo anachita zimene mpongozi waulemu amachita: anakokera mpango kutsogolo kwambiri nkuweramitsa mutu kuti tisaonane.

Che Kamba sathamanga. Chimenecho ndicho chinandipweteka, chifukwa ndinali ndi nthawi yoona chilichonse. Anadutsa pa bakha nkumumeta mchira (mawa lake ophika anadabwa kupeza wina atayamba kale kumusosola). Anafika pa masilipasi a apongozi amene anali m'mphepete mwa mkeka, silipasi imodzi inalowa yathunthu nkutuluka ngati kabichi wa ku hotela. Anayamba kudya mkeka. Sanaime, sanabwerere. Akanaima bwanji, maso nditawazimitsa ine, mphuno nditaitseka ine?

Pamenepo ndinaona zala za kumapazi za agogo ake a Sumaya, ndi timipeni tija ndinationa chagada tsiku lija. Ulemu unandithera. Ndinauluka.

Anthu amatsutsa za kutalika kwa ulendo umenewu, koma Che Jafali akuti anameza chitumbuwa, nkumwera madzi, ine ndidakali m'malere. Batani lofiira ndinalidina ndi chifuwa. Che Kamba anazima mipeni itatsala pang'ono kukhudza chidendene. Koma thupi la munthu silithera pa chifuwa. Bondo langa linatera pa chala chachikulu cha phazi la apongozi, ndipo mutu wanga unalowa m'lichero, lichero lili pamiyendo pawo. Mpunga unakwera kumwamba. Wina unagwa pa denga la mzikiti, ndipo sabata yotsatira ndinapeza njere ziwiri pa kapinga wa ku Makokola.

Ndinatsegula maso. Kwa nthawi yoyamba ndinaona nkhope ya apongozi anga kutsogolo, yonse, mozondoka. Amafanana ndi Mariamu pamphumi. Munthu ukasokonezeka pakamwa pamatuluka chimene chili pafupi.

"Mwaswera bwanji, amayi?" ndinatero.

Iwo sanandiyang'ane. Anakweza maso kumtengo.

"Mango iwe," anatero modekha, "umuuze mwamuna wa mwana wanga achotse bondo lake."

Chikhadabo chinali chitazuka theka. Mariamu anabwera ndi madzi amchere ndi kansalu, osandiyang'ana nayenso, koma mapewa ake ankagwedezeka mwa njira imene sindinadziwe ngati nkulira kapena kuseka. Che Amidu anatembenuza Che Kamba ndi ndodo yawo, anaona mipeni, anasolola chidutswa cha patapata chija nkuchikweza m'mwamba.

"Ichi chinabwera nacho kuchokera kwa azungu?"

"Ayi, malume. Ndinaika ine."

"Chifukwa?"

"Chimaimaima."

"Chimaima chikatani?"

"Chikagunda kanthu."

"Ndi maso munati chili nawo?"

"Ndinazimitsa."

Kenako anati, "Ndiye mwatibweretsera wakhungu wonyamula mipeni pakhomo pa ana, inu nkukhala pansi kumwa tiyi." Sanakweze mawu. Ndikanakonda akanandimenya ndi ndodoyo. Ndinayang'ana ku mpanda ndipo ndinaona Sumaya atagwira nsungwi ndi timanja take, akusuzumira. Mpata wa pansi pa mpandawo ndi woti mwana ngati iye amakwawa nkudutsa. Pa zonse za tsiku limenelo, chimenecho chokha sindichiseka.

Bwalo ndinalimaliza ndi chikwakwa chobwereka. Foni itabwera ku golosale ndinapeza bwana ataimba kambirimbiri, chifukwa Che Kamba, mnzanga wapamtima, anali atawatumizira uthenga ku Lilongwe wosonyeza pamene ali. Bwana anangofunsa funso limodzi: "Makina anga akutani ku Lungwena?" Ndinati akuthandiza pa maliro akale. Ntchito sanandichotse, nyumba sanandilande, koma Che Kamba anaperekedwa kwa mnzanga wina, ine ndinabwerera ku chikwakwa, kumatchetcha m'mphepete momwe iwo safika. Tikakumana pa kapinga amaima patsogolo panga, maso ali oyaka, nkukhota. Sindiwaimba mlandu.

Chigamulo cha chitengwa chinabwera sadaka itatha, kudzera mwa Mariamu, titaima kuseri kwa khola la mbuzi.

"Amayi akuti sakukana."

"Alhamdulillah."

"Akuti ndi chala chimenechi sangapite kumjigo kapena kumunda, ndiye ndiyambe ndawathandiza. Akuti chikhadabo chikamera mpaka kufika kumapeto kwa chala, mubwere mudzatitenge."

Ndinaona kuti nchilungamo. Ndinafunsa kwa achipatala ena amene anagona ku hotela kuti chikhadabo cha kuphazi chimamera msanga ndi chiyani, anati ndi chakudya chabwino ndi kudekha. Kudekha ndinalibe, ndiye ndinayamba kutumiza chakudya. Che Jafali wanyamula mkaka wa m'chitini, mazira, usipa, ngakhale chambo chimene ine mwini sindinachilawe chaka chino. Uthenga umabwera wakuti amayi athokoza, ndipo akunenepa.

Mvula inabwera nkupita. Udzu wa pa bwalo lija unameranso, ndinakautchetchanso ndi manja. Sumaya tsopano amalankhula pa foni, amandifunsa ngati kunyumba kwanga kuli abakha. Ndikapita ku Lungwena ndimayesa kuba ndi diso kuchokera m'chinangwa, koma apongozi masiku ano amavala sokosi.

Phunziro ndinalitenga, ndipo ndimauza aliyense: chinthu chikamaimaima, chili ndi chifukwa chake, musachithandize. Anzanga akatopa ndi Che Kamba poima chifukwa cha tsamba la mgwalangwa, ine ndimawauza kuti asiyeni, akuchita bwino. Koma phunziro silikhala nawe m'nyumba, silikufunsa kuti waswera bwanji.

Sabata yatha ndinaimba foni masana, nditakhala pa chitsa kuseri kwa hotela, mapiri a kwawo ali mbuu ndi utsi wa nyengo ino.

"Mayi a Sumaya, ndiuzeni zoona. Chikhadabo chija sichikumera?"

"Chikumera bwino kwambiri. Mkaka wanu ukugwira ntchito."

"Nanga bwanji sichikufika?"

"Bambo a Sumaya, amayi ndi munthu wopemphera. Lachisanu lililonse m'mawa amawenga zikhadabo zonse, monga timaphunzitsidwira. Chimenecho amayambira."

Anapitiriza, mawu atatsika. "Chimwalirireni bambo, usiku amadzuka nkumayendayenda. Akamva Sumaya akupuma ndiye amagona. Musawakwiyire."

Sindinawakwiyire. Ndani angadziwe bwino kuposa ine mmene nyumba imamvekera ukakhalamo wekha? Ndinati tidikira, Mulungu ndi amene amadziwa nthawi. Kenako ndinatsokomola pang'ono nkufunsa, mongocheza, kuti kodi lezala yowengerayo amaisunga pati.

"Pansi pa pilo," anatero Mariamu. "Ndinayesa kale. Ali nazo ziwiri."